Chitseko cha Kumanzere cha Pikapu ya Achimwene

Ntchito yaumakaniko ndinaigwira zaka zambiri pa Mitundu, m'kashedi ka malata kuseri kwa msika, ndipo zitseko za galimoto zimene ndinatsegula m'kati sindingaziwerenge. Koma chilipo chimodzi chimene chimandibwererabe. Mpaka lero munthu akabwera kudzandidandaulira kuti galasi la pachitseko lakana kukwera, ndimamulozera kwa ena. Amaona ngati ndi ukalamba kapena ulesi. Aziganiza choncho, ine sindiwatsutsa.

Achimwene anga, oyamba kubadwa m'mimba mwa amayi, anali pa chikamwini ku Nathenje. Anali ndi pikapu yakale yobiriwira imene anagula chaka china fodya atawayendera bwino. Pikapuyo inkanyamula chilichonse: mabelo a fodya, matumba a chimanga, nkhumba, odwala opita ku Likuni, ngakhale maliro. Kuyendetsa ankatha, sindikana. Koma manja a ntchito analibe, abale inu! Munthu woti akagwira sipanala sasiya mpaka bawuti iduke mutu. Chilichonse chikamasuka, mankhwala awo anali waya ndi msomali. Ndinkawauza kuti, "Achimwene, galimoto si khola la mbuzi ayi." Iwo ankangoseka, amvekere, "Nanga iwe ndinakuphunzitsira chiyani?" Ndipo analidi iwo amene ananditumiza m'tauni kukaphunzira ntchito bambo athu atamwalira.

Zinali zaka zija za chipani chimodzi, pamene munthu wopanda khadi la chipani sankalowa mumsika kapena kukwera basi. Anyamata a malaya ofiira ankatchinga misewu ndi mtengo wogoneka pa migolo iwiri, ndipo aliyense wodutsa ankaonetsa khadi. Ndiye panali anthu a mpingo wina umene boma linaletsa, amene ankakana kugula makhadiwo. Iwowa ankawawotchera nyumba ndi kuwamenya, moti ambiri anathawira ku Mozambique kudzera m'nkhalango ya Dzalanyama. Kuthandiza munthu wotere kunali kudziitanira tsoka pakhomo, ndipo tonse tinkadziwa zimenezo.

Tsiku lina dzuwa likuswa mtengo, nthawi imene anthu amasosa m'minda, ndinadzuka pansi pa lole imene ndinkakonza n'kupeza alamu anga, akazi a achimwene, ataima pakhomo pa shedi. Anali atachokera ku Nathenje, mbali ina pa ngolo, mbali ina wapansi, fumbi mpaka m'mawondo. Sanandipatse ndi moni yemwe.

"Alamu, achimwene anu awatenga."

"Awatenga ndani?"

"Apolisi, dzulo masana. Akuti ananyamula anthu a mpingo uja kukawatula kumalire."

Ndinangokhala pa tayala limene linali pafupi. Ndinafunsa ngati zinali zoona. Alamu anati sakudziwa. Chimene ankadziwa n'chakuti masabata awiri m'mbuyomo achimwene analawira m'mamawa osanena kopita, n'kubwera madzulo ali duu, chakudya osachikhudza. Apolisi atabwera anachita chipikisheni m'nyumba monse, anang'amba matiresi, anakhuthula ngakhale nkhokwe ya mtedza, koma sanapeze kanthu. Pikapu sanaione, chifukwa tsikulo inali kwa msuweni wa alamuwo, kumene inakatula njerwa batire n'kufera komweko.

Kenako alamu anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

"Lamulungu lapitali ndinawapeza kuseri kwa chigafa cha fodya akulimbana ndi chitseko cha kumanzere cha pikapu. Anali ndi kanthu kokulunga m'pulasitiki, kooneka ngati pepala. Nditafunsa anandikalipira kuti ndizipita kutchalitchi. Alamu, kanthu kaja kali m'chitsekomo, ndipo apolisi akakumbukira za galimoto abweranso."

Inu a masiku ano simungamvetse mmene pepala tinkaliopera. Pepala linkamangitsa munthu. Kalata yochokera kunja kwa dziko, kabuku ka mpingo uja, ngakhale kukulunga usipa m'nyuzipepala imene ili ndi chithunzi cha mtsogoleri, zonsezo zinkatha kukusowetsa pakhomo. Ndiye munthu akafika pobisa pepala m'chitseko cha galimoto, osauza ndi mkazi wake yemwe, mutu wanga unangondiuza chinthu chimodzi: limenelo ndi pepala lomupha. Likapezeka, achimwene sitidzawaonanso. Ndinawauza alamu kuti abwerere kwa ana, asauze munthu, zotsalazo ndiona ndine.

M'mawa mwake ndinamanga batire pa keliyala ya njinga n'kupalasa mpaka ku Nathenje. Njira yonse ndinkangoona ngati aliyense wondipatsa moni akudziwa kumene ndikupita. Pa mtengo wa anyamata a malaya ofiira ndinatulutsa khadi langa asanafunse n'komwe, ndikuwasekerera ngati ndi abale anga. Ndinaipeza pikapu kwa msuweni uja, ndinailiza, njinga ndinaponya kumbuyo, ndikubwera nayo ku Mitundu. Kutsegulira komweko sindikanayerekeza. Pakhomo pa abale a munthu wotengedwa palibe amabwera kudzapepesa, koma maso amakhala ambirimbiri m'mipanda. Pamene makaniko akamatsegula chitseko pashedi pake dzuwa lili pamutu, angafunse ndani? Ndinadziona wochenjera kwambiri tsiku limenelo.

Chitseko cha galimoto chili ngati bokosi. Kunja kuli chitsulo, m'kati muli chikuto chopyapyala chokutidwa ndi chikopa cha pulasitiki, chimene ife timati bolodi, ndipo pakati pa ziwirizi pali mphako mmene galasi limatsikira. Kuti uchotse bolodi umayamba ndi chotsamira mkono, chimene chili ndi masikuluwu awiri kunsi kwake, kenako chotsegulira chitseko. Chovuta ndi handulo yopukusira galasi. Imeneyo ilibe sikuluwu yooneka, imagwidwa ndi kawaya kopindika kobisika kuseri kwake, ndipo osadziwa amangoikoka ndi mphamvu mpaka kuithyola. Ife timalowetsa kansanza pakati pa handulo ndi bolodi, n'kumakakoka uku ndi uku mpaka kawayako katadumpha. Ukatero umalowetsa sikuludiraiva yophwatalala m'mphepete mwa bolodi, kuyambira kunsi, n'kumakanula pang'onopang'ono pafupi ndi timakilipu timene timaligwira, kalikonse kazilira kuti thu. Ukapupuluma timakiliputo timathyoka, kapena bolodi lenilenilo limang'ambika.

Nditangogwada pa chitseko cha kumanzere ndinaona kuti achimwene anadutsapodi. Ha! Chisokonezo chakecho! Handulo anaikanula ndi chitsulo mpaka kukanda chikopa, kawaya kaja anakataya, m'malo mwake n'kupanikizamo mtengo wa machesi. Timakilipu tisanu anathyola. Kuti bolodi lisagwe analiboola m'makona awiri akumtunda n'kulimanga ndi waya wa mpanda, kunsi n'kulowetsamo misomali iwiri yopinda. Ngakhale mtima unali m'mwamba, ndinawatukwana chamumtima. Munthu aliyense wa maso, ngakhale wapolisi woti sanagwirepo sipanala, akanaona kuti chitsekochi chatsegulidwa posachedwa ndi munthu wothamanga.

Ndinadula waya, ndinazula misomali, bolodi n'kungogwera lokha pa mawondo anga. Ndinakweza galasi kuti dzanja lipite, ndikupisa m'mphakomo mpaka m'chigongono. Pansi panali fumbi, dzimbiri ndi njere za chimanga. Kanthu kaja kanali kumtunda, katamangidwa ku chitsulo chopingasa ndi mphira wa chubu. Kanali kathumba ka pulasitiki ka shuga, kopindidwa kanayi, kopepuka ngati mulibe kanthu. Nditakafinya ndi zala ndinamva kuti muli pepala limodzi, mwina awiri, basi.

Apa ndiye ndikufuna mundimve bwino musanandiweruze, kaya mundiweruzabe, zilibe kanthu. Sindinawerenge. Kuwerenga ndinkatha, Chichewa ndi Chingerezi chomwe cha m'mabuku a injini, koma sindinamasule kathumbako. Masiku amenewo tinali ndi nzeru yathu imene tinkauzana monong'ona. Akakutenga n'kuyamba kukumenya, umanena zonse zimene ukudziwa, ngakhale ukhale wolimba bwanji. Pepala lija likanakhala ndi mayina a anthu, mayinawo akanalowa m'mutu mwanga, ndipo tsiku lina akanatulukira pakamwa panga. Ndiye njira yotetezera m'bale wako, pamodzi ndi ena onse amene sukuwadziwa, inali yoti iweyo usadziwe kanthu. Nzeru imeneyi sindinaiyambe ndine. Aphunzitsi ankatero, anamwino ankatero, ngakhale akulu a mpingo ankatentha makalata a ana awo osawatsegula.

Pakona pa shedi panali mbaula imene ndinkatenthetsera chitsulo chowotcherera marediyeta, ndipo makala anali akuyaka kale. Ndinaponyapo kathumbako momwe kanalili, ndikukapanikiza ndi pulayala. Pulasitiki inasungunuka ndi fungo lake loipa lija, pepala linatambasuka pang'ono n'kuyamba kuda. Ndinangoona kuti linali lolemba pamanja ndi inki yabuluu, ndipo kunsi kwake kunali chidindo chozungulira. Chidindocho chinandidabwitsa, poti anthu othawa sakhala ndi zidindo. Koma moto unali utadya kale theka, ndipo ndinatembenuza nkhope dala kuti diso lisatole liwu ndi limodzi lomwe. Phulusa ndinalitakasa ndi makala mpaka osadziwika.

Kenako ndinachita chimene manja anga ankadziwa. Kuseri kwa shedi kunali chitseko cha galimoto ina yofanana nayo imene inagubuduzika cha ku Diamphwe. Ndinachotsako timakilipu tabwinobwino ndi kawaya ka handulo. Mabowo a waya ndi misomali ndinawatseka ndi guluu ndi tizidutswa ta chikopa chomwecho, todula kuseri kwa bolodi kumene sikuoneka. Pokandika paja ndinapakhula mpaka kufanana ndi pena ponse. Nditabwezeretsa zonse ndinasakaniza fumbi ndi oyilo wakuda, ndikupaka m'mphepete monse ndi pamitu ya masikuluwu, kuti chioneke ngati sichinakhudzidwepo chichokereni kufakitale. Ndinaimirira n'kuyang'ana ntchito yanga, ndipo ndikuvomera, ndinanyada.

Patapita masiku awiri alamu anabweranso, ulendo uno ndi ana awo atatu ndi timitolo ta zovala. Ku Nathenje kunali kutaipa, anthu ankaopa ngakhale kutunga nawo madzi pachitsime chimodzi, ndiye mkazi wanga anati abwere adzakhale kwathu. Titatsala awiri pakhonde anandifunsa motsitsa.

"Munali kanthu?"

"Munali pepala. Ndatentha."

"Linati chiyani?"

"Sindinawerenge, alamu."

Anapuma mpweya wautali, n'kuwomba m'manja pang'onopang'ono. "Mwachita bwino. Mulungu akudalitseni, alamu." Madzulo amenewo anadya koyamba chiwatengereni amuna awo. Tonse awiri tinkaona ngati tawapulumutsa.

Masabata atatu anadutsa osamva kanthu. Alamu ankapita ku polisi kukafunsa, n'kumabwezedwa pageti ndi chakudya chawo chili m'manja. Ntchito pashedi inayamba kuchepa. Anzanga amene tinkamwera limodzi tiyi pamsika ankandilambalala ngati ndili ndi mphere, ndipo sindinawade, chifukwa inenso ndinachitapo zomwezo kwa ena. Pikapu inangokhala pambali pa shedi, nkhuku zikubisala dzuwa kunsi kwake. Ndikaiyang'ana ndinkadzilimbitsa mtima kuti popanda umboni sangamusunge munthu mpaka kalekale.

Lachinayi lina cha m'ma teni koloko, galimoto ya apolisi inaima pashedi. Munatsika wamkulu wawo, bambo wa imvi m'mbali mwa mutu, ndi ena awiri achinyamata. Kenako anatsitsa munthu kumbuyo. Ndinayamba ndazindikira malaya, nkhope pambuyo. Masabata atatu okha, koma achimwene anali ataonda, mlomo uli wotupa, diso limodzi litatsekeka, manja ali mu unyolo kutsogolo, kuphazi kulibe nsapato. Anthu a pamsika anasiya malonda n'kuima patali. Wina ayenera kuti anathamangira kunyumba, chifukwa posakhalitsa alamu anafika wefuwefu, n'kuima pa nsanamira ya shedi. Wapolisi mmodzi anawatambasulira dzanja kuti asayandikire.

"Ndiwe makaniko?" anafunsa wamkulu uja.

"Ndine, bwana."

"Mng'ono wake wa uyu?"

"Eya, bwana."

"Chabwino, tamvera. Mkulu wakoyu wavomera kuti ananyamula anthu aja. Koma akuti sanapite mwa kufuna kwake. Akuti anamutuma ndi tcheyamani wa chipani wa kwawoko, chifukwa mwa anthuwo munali mlongo wake wa tcheyamaniyo ndi ana ake, ndipo anamulembera kalata ya chidindo yoti anyamata a pamsewu amulole kudutsa. Tcheyamani akukana, ndipotu ndi yemweyo anabwera kudzamuneneza. Uyu akuti kalatayo anaibisa m'chitseko cha kumanzere cha galimoto iyi."

Anavula chipewa n'kupukuta thukuta. Ankaoneka munthu wotopa, osati wankhanza.

"Ine ndayenda ulendo wonsewu chifukwa sindifuna kutumiza munthu kumene sakabwerako ndisanaone ndi maso anga. Kalata ikapezeka, mlandu usintha mwini, uyu akagona kwawo sabata yomwe ino. Ikapanda kupezeka, ndiye kuti wanamizira mkulu wa chipani pamwamba pa mlandu woyamba uja, ndipo pamenepo nkhani ichoka m'manja mwanga. Tsegula."

Kalanga ine! Ndinayang'ana achimwene, ndipo diso lawo lotseguka lija linali kuseka. Munthu anali ndi chiyembekezo chonse.

"Tsegula, mphwanga, usaope," anatero. "Ili kumtunda, ndinaimanga ndi mphira."

Ndinatenga zida ndikugwada pachitsekopo. Ntchito ya mphindi khumi ndinaikoka mmene ndikanathera. Sikuluwu yoyamba inandipulumuka n'kugwera m'fumbi, ndipo ndinaifunafuna nthawi yaitali ndikuiona pomwe inali. M'mutu munali chipwirikiti. Ndinene kuti ndinatentha? Phulusa angalikhulupirire ndani? Wamkuluyo akanati makaniko waononga umboni, apo ayi akanati abale apangana bodza, n'kutikweza tonse awiri. Ndinali ndi mkazi ndi ana anayi, ndipo ana a achimwene atatu anali kale m'nyumba mwanga. Zifukwa zimenezi ndi zoona, ndipo ndakhala ndikuzibwereza zaka zonsezi. Koma chenicheni n'chakuti ndinaona mlomo wa achimwene uja, ndikuona diso lotsekeka lija, ndipo ndinachita mantha. Ndinali wamantha, basi.

Nditalowetsa kansanza kuseri kwa handulo ndikukoka, kawaya kaja kanadumpha n'kukagwa pafupi ndi mapazi a achimwene. Iwo anakayang'ana. Ankadziwa kuti pamenepo anasiyapo mtengo wa machesi. Ndinaona diso lawo likukwera kumakona kumene anamanga waya, likutsika kunsi kumene analowetsa misomali, n'kubwereranso kumakona. Munalibe bowo ndi limodzi lomwe. Ndinalowetsa sikuludiraiva ndikuyamba kukanula, ndipo timakilipu tinalira thu, thu, thu, tonse tathunthu, kuzungulira chitseko chonse. Ntchito yotere pa Mitundu ponse ankaitha ndi munthu mmodzi, ndipo achimwene ankamudziwa.

Wapolisi wina wachinyamata anawerama n'kupaka chala m'mphepete mwa bolodi. "Bwana, chitseko ichi sichinatsegulidwepo ichi. Taonani fumbi lake, ndi lakalekale."

Wamkulu uja anapinda malaya n'kupisa yekha dzanja m'mphakomo, kumtunda ndi kunsi, kenako anaunika ndi tochi. Anatulutsa njere ziwiri za chimanga, n'kuzitaya pansi. Anandiuza kuti nditsegulenso cha kumanja, mwina munthu wasokoneza. Ndinatsegula. Nachonso munali fumbi lokhalokha.

Achimwene anandiyang'ana, osati nthawi yaitali ayi. M'diso muja munalibe mkwiyo, ndipo ndikanakonda mukanakhala mkwiyo. Anayang'ananso akazi awo, amene anali atakumbatira nsanamira ataluma nsonga ya chitenje. Tonse atatu tinkadziwa chimene chinachitika. Ine ndinatsegula pakamwa, ndikulumbira ndinatsegula, koma ngati mawu akanatulukadi sindidziwa, chifukwa achimwene anandiyambirira.

"Ndinanama, bwana. Kalata kunalibe."

"Ukuti bwanji?"

"Ndimangofuna ndione banja langa ndisanapite, n'chifukwa chake ndinapeka nkhaniyi. Uyu sadziwa kanthu, ndi makaniko chabe. Musamuvutitse."

Wamkulu uja anawayang'ana nthawi yaitali, n'kupukusa mutu. "Wadzipha wekha, mkulu," anatero, n'kuvala chipewa chake. Sanawamenye pamenepo. Anangowagwira pamkono n'kuwakweza kumbuyo kwa galimoto, ndipo achimwene sanacheukenso, kaya kwa ine kaya kwa akazi awo.

Fumbi la galimoto litatha, anthu anabwerera ku malonda awo mmodzimmodzi. Ndinatsala ndili chigwadire, sikuludiraiva ili m'manja, zitseko ziwiri zili yasa. Alamu anatsetsereka ndi nsanamira ija mpaka kukhala pansi pa dothi la oyilo. Sanalire, sananditukwane, sanandiyang'ane. Mkazi wanga ndi amene anabwera kudzawadzutsa. Kuyambira tsiku limenelo mpaka imfa yawo, zaka zambiri pambuyo pake, ine ndi alamu sitinakambepo za pepala lija ngakhale kamodzi. Tinkakamba za sukulu ya ana, za feteleza, za matenda, ndipo ankandipatsa ulemu wonse. Ulemu umenewo unkandiwawa kuposa mbama.

Kumene anawapititsa achimwene sanatiuze. Ndinkaganiza zopita kwa wamkulu wa imvi uja kukaulula, ndipo kawiri konse ndinavala malaya oyera ndikufika pa siteji ya basi. Kawiri konseko basi inabwera n'kupita ine ndili chiimire. Ndinkadziuza kuti kalata yopsa siingabwerere, kuulula sikungathandize munthu, ndipo mwina zinali zoona. Ndinkabwerera kushedi n'kukagwira ntchito mpaka manja atachita matuza.

Patapita chaka ndi miyezi, mvula yachiwiri itangoyamba, unabwera uthenga woti tikatenge mtembo m'tauni. Anati anadwala chifuwa. Bokosi anatipatsa lokhomerera kale, n'kutiuza kuti tisatsegule. Ndinawanyamula pa pikapu yawo yomwe, ine ndikuyendetsa, ndipo m'matope a njira ya ku Nathenje tinatitimira kawiri, anthu a m'midzi n'kutikankha atavula zipewa.

Maliro tinaikira ku Nathenje monga anapemphera a kuchikazi. Anthu anabwera ochepa, ambiri anangosuzumira n'kubwerera. Koma atcheya a chipani aja anabwera, baji ili pachifuwa, ndipo anapatsidwa mpando kutsogolo pamodzi ndi mafumu. Mwambo wathu ndi woti tisananyamuke kupita kumanda, mmodzi wa kubanja amaimirira kufotokozera anthu mmene matenda anayendera, n'kuthokoza onse amene abwera. Malume athu anali atamwalira kale, ndiye udindowo unagwera ine.

Mawu ndinali nditawakonza m'mutu njira yonse yochokera m'tauni. Ndinati lero ndinena zonse, za mlongo wa atcheya, za kalata ya chidindo, za mbaula yanga, andichite chimene angandichite. Nthawi itakwana ndinaimirira, ndikupinda manja kumbuyo. Atcheya anandiyang'ana, mwendo uli pa unzake. Pamphasa kumbali kwanga panali ana asanu ndi awiri, anga ndi a achimwene, atakhala mothithikana chifukwa cha mvula yowaza.

Ndinati achimwene anadwala chifuwa ali kutali, madokotala anayesetsa koma zinakanika. Ndinathokoza mafumu, ndinathokoza a mpingo, ndinathokoza adzukulu amene anakumba manda m'mvula. Kenako ndinatembenukira kwa atcheya, ndinawerama pang'ono, ndikuwathokoza chifukwa chosiya ntchito zawo zambiri kuti adzatipepese. Iwo anagwedeza mutu, ndipo ine ndinakhala pansi.